Digiri yokha siyimasulira: zomwe ntchito ya a Dennis Cokely ikutiphunzitsa

Tikamakambirana za ntchito pa kampasi, mndandanda wake sutalika. A zamalamulo maso ali ku khothi, a zachuma maso ali ku banki, ndipo ife a ziyankhulo, mbiri yakale ndi filosofi timauzidwa kuti tisankhe pakati pa choko ndi mabungwe omwe si aboma. Ntchito yomasulira chiyankhulo cha manja siyitchulidwa n'komwe. Ikapezeka kuti yatchulidwa, imabwera ngati ntchito yachifundo: ya mayi wamtima wabwino amene amathandiza ku tchalitchi Lamulungu, kapena ya munthu uja amaoneka m'kabokosi pakona ya kanema nthawi ya nkhani. Ine ndikuti maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amene amavutika nawo si ife akumvafe ayi, koma munthu wosamva amene wakhala pamaso pa dokotala, wapolisi kapena woweruza milandu.

Mfundo zanga ndi ziwiri, ndipo poyamba zimaoneka ngati zikukangana. Yoyamba ndi yakuti kumasulira chiyankhulo cha manja ndi ntchito yaukatswiri yofuna maphunziro a ku yunivesite, monga uloya kapena unamwino. Yachiwiri ndi yakuti yunivesite payokha singapange womasulira, ndipo ikadzitenga ngati mwini wake wa ntchitoyi imawononga. Mfundo ziwirizi sindinazitole m'malere. Zikuoneka bwino m'moyo wa munthu mmodzi wa ku America, malemu Dennis Cokely, amene anali womasulira, wofufuza komanso pulofesa, ndipo anamwalira mu 2018.

Dziko lomwe a Cokely analipeza

Kuti timvetse ntchito yawo, tiyambire kumbuyo pang'ono. Mu 1880, aphunzitsi a ana osamva ochokera m'mayiko osiyanasiyana anakumana mumzinda wa Milan ku Italy n'kugwirizana kuti ana osamva aziphunzitsidwa kuyankhula ndi pakamwa komanso kuwerenga milomo, osati kugwiritsa ntchito manja. Pafupifupi onse amene anavota anali anthu akumva. Chigamulochi chinalamulira sukulu za ana osamva kwa zaka zochuluka kwambiri, ndipo msonkhano wa mtundu womwewo unadzapepesa poyera mu 2010 ku Vancouver, patadutsa zaka 130. Nthawi yonseyo, ophunzira ambiri ankakhulupirira kuti zizindikiro za manja ndi kulozaloza chabe, kopanda malamulo a chiyankhulo.

Amene anatsutsa zimenezi ndi umboni anali a William Stokoe, mphunzitsi wa Chingerezi pa Gallaudet, sukulu ya ukachenjede ya anthu osamva yomwe ili ku Washington. Mu 1960 iwo anasindikiza kafukufuku woonetsa kuti chizindikiro chilichonse chimapangidwa ndi tizigawo: kaumbidwe ka dzanja, malo omwe dzanjalo lili, ndi kayendedwe kake. Mukasintha kachigawo kamodzi, tanthauzo limasintha, monga momwe "kuba" ndi "kupa" kapena "phala" ndi "pala" amasiyanirana m'makutu mwathu. Mu 1965, mogwirizana ndi anzawo awiri osamva, a Dorothy Casterline ndi a Carl Croneberg, anatulutsa dikishonale ya American Sign Language, yomwe ambiri amangoti ASL.

A Cokely anali munthu wakumva, ndipo chiyankhulochi anachiphunzira ali mnyamata kuchokera kwa anthu osamva eni ake. Anadzagwira ntchito m'chipinda cha kafukufuku cha a Stokoe ku Gallaudet, n'kutenga digiri ya udokotala wa zaziyankhulo ku yunivesite ya Georgetown. Mu 1980, iwo ndi a Charlotte Baker-Shenk analemba mabuku ophunzitsira ASL omwe anthu anawapatsa dzina loti Green Books chifukwa cha mtundu wa zikuto zake. Mabukuwa anaphunzitsa ASL ngati chiyankhulo chokhala ndi galamala yakeyake, osati ngati mndandanda wa zizindikiro zoimira mawu a Chingerezi. Kuchokera mu 1983 mpaka 1987 anali pulezidenti wa Registry of Interpreters for the Deaf, bungwe la omasulira lomwe linakhazikitsidwa mu 1964. Kenako, kuyambira mu 1996, anaphunzitsa pa yunivesite ya Northeastern ku Boston, komwe ankatsogolera maphunziro a ASL ndi kumasulira. Mwachidule, munthuyu anaiona ntchitoyi mbali zonse: anamasulira, anafufuza, anaphunzitsa ndiponso analamulirapo bungwe lopereka ziphaso.

Masekondi awiri kapena anayi

Mwa kafukufuku wawo yense, amene amandikoka mtima kwambiri ndi wa mu 1986. A Cokely anajambula omasulira anayi akugwira ntchito pa msonkhano weniweni, n'kuyeza nthawi yomwe imadutsa kuchokera pamene woyankhula wayamba chiganizo kufika pamene womasulira wayamba kuchiika m'manja. Awiri ankatsalira pafupifupi masekondi 2, ena awiriwo pafupifupi masekondi 4. Munthu wamba angaganize kuti wofulumirayo ndiye katswiri, poti akuyenda limodzi ndi woyankhula. Zotsatira zinaonetsa zosiyana: amene ankadikira nthawi yotalikirapo ndi amene ankalakwitsa pang'ono. Akuluakulu athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa mwambiwu unatsimikizika ndi wotchi.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva kwa aliyense amene anayesapo kumasulira ulaliki kuchokera m'Chingerezi kupita m'Chichewa. Womasulira samasulira mawu, amamasulira tanthauzo, ndipo tanthauzo silikwana mpaka gawo lokwanira la chiganizo litamveka. Taganizirani namwino akufunsa mayi wosamva kuti, "Munapita liti kumwezi komaliza?" Womasulira wothamangira mawu akweza dzanja n'kupanga chizindikiro cha ulendo ndi cha mwezi wakumwamba, mayi uja n'kungoti kakasi. Kapena dokotala anene kuti, "Mankhwalawa muzimwa katatu patsiku, pokhapokha ngati mwayamba kutupa." Mfundo yopulumutsa moyo ili kumapeto. Womasulira amene watha kale kupereka lamulo loti katatu patsiku, ndipo akuthamangira chiganizo chotsatira, angathe kuidumpha.

A Cokely anaika zolakwika za omasulira m'magulu asanu: kusiya zomwe zanenedwa, kuwonjezera zomwe sizinanenedwe, kuika tanthauzo lina m'malo mwa loyenera, kulowetsa kamangidwe ka chiyankhulo cha woyankhula m'chiyankhulo cha wolandira, ndi kutulutsa zinthu zosamveka n'komwe. Mu 1992 anasindikiza buku lofotokoza masitepe omwe ubongo wa womasulira umadutsa, kuyambira kulandira uthenga, kuusunga kwa kanthawi, kumvetsa cholinga chake, kufunafuna chofanana nacho m'chiyankhulo chinacho, mpaka kuutulutsa. Phindu la ntchito imeneyi ndi lakuti mphunzitsi angathe kuuza wophunzira pomwe penipeni pavuta. M'malo mongonena kuti "walakwitsa, yesanso", anganene kuti "unamva bwino, koma sunadikire kuti umvetse cholinga". Luso lomwe lingathe kugawidwa chonchi lingathenso kuphunzitsidwa ndi kuyesedwa.

Apa ndi pamene mfundo yanga yoyamba yatsamira. Kudziwa ziyankhulo ziwiri si kudziwa kumasulira. Tonsefe pa kampasi timayankhula Chichewa ndi Chingerezi, ena Chitumbuka, Chiyao kapena Chilomwe pamwamba pake, koma ndi angati mwa ife angaime m'bwalo la milandu n'kumasulira chigamulo cha woweruza osataya kanthu? Womasulira wa chiyankhulo cha manja ali ndi katundu woposa pamenepo. Galamala ya chiyankhulocho ili m'manja, pankhope ndi m'malo ozungulira thupi. Mu ASL, kukweza nsidze kumasandutsa chiganizo kukhala funso loyankhidwa ndi inde kapena ayi, pomwe kuzitsitsa kumayenda ndi mafunso monga "ndani" ndi "chifukwa chiyani". Munthu amene akukambidwa amaikidwa pamalo ena mumlengalenga, ndipo womasulira ayenera kukumbukira kuti woimba mlandu anamuika kumanja, woimbidwa mlandu kumanzere. Akasokoneza, wakuba asanduka woberedwa. Ntchitoyi ndi yotopetsa ubongo moti m'mayiko omwe inakhazikika, omasulira amagwira awiriawiri pa misonkhano yaitali, n'kumasinthana pakatha mphindi 20 kapena 30.

Chenjezo lochokera kwa pulofesa yemweyo

Wina angayembekezere kuti munthu amene anathera moyo wake akukweza maphunziro a omasulira adzakhala wokhutira ntchitoyi italowa m'mayunivesite. Sizinatero. Mu 2005 a Cokely analemba nkhani yotchedwa Shifting Positionality, momwe anaunika zomwe zinatayika panjira.

Mfundo yawo inali iyi. Kale, omasulira ankachokera pakati pa anthu osamva: ana akumva obadwa kwa makolo osamva, aphunzitsi a m'sukulu za osamva, atumiki a mpingo, ndi abwenzi amene anakhala nawo nthawi yaitali. Munthu sankadzisankha yekha kukhala womasulira. Anthu osamva ndiwo ankamuyang'anitsitsa, kuona ngati manja ake akumveka, ngati amasunga chinsinsi, ngati ali ndi ulemu, kenako n'kumupempha kuti awathandize. Amene sanadaliridwe sankaitanidwanso. Kenako kunabwera malamulo abwino: la mu 1973 loletsa tsankho kwa anthu aulumali m'mabungwe olandira ndalama za boma, la mu 1975 lotsegulira ana aulumali sukulu za boma, ndi Americans with Disabilities Act ya mu 1990. Mwadzidzidzi omasulira anafunika ambirimbiri, kuposa omwe njira yakale ija ikanatha kutulutsa. Makoleji anatsegula maphunziro, ambiri mwa iwo a zaka ziwiri zokha, n'kumalandira ophunzira osadziwa ngakhale chizindikiro chimodzi. Munthu ankatha kulowa m'kalasi, kukhoza mayeso, kulandira pepala, n'kuyamba kulipidwa, asanadyepo nsima imodzi ndi munthu wosamva. Mphamvu yosankha womasulira inachoka m'manja mwa osamva n'kupita kwa makoleji, mabungwe a ziphaso ndi makampani olemba ntchito, omwe ambiri amayendetsedwa ndi anthu akumva.

Chomwe chikundisangalatsa ndi chakuti a Cokely sananene kuti tibwerere kumbuyo. Njira yakale inali ndi mavuto ake: mwana wa zaka khumi kumasulira matenda a mayi ake kuchipatala, kapena m'busa kumasulira mlandu wa nkhosa yake kwinaku akusankha zoti imve ndi zoti isamve. Chomwe iwo ankafuna n'chakuti maphunziro akhale ozama, koma anthu osamva abwerere pakhomo polowera ntchitoyi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene amadziwa ngati womasulira akumveka ndi amene moyo wake wadalira kumasulirako, osati mkulu wa dipatimenti amene amangoona manja akugwedezeka n'kuganiza kuti zonse zili bwino.

Umboni woti anthu akumva sitingathe kuweruza tokha unaoneka pafupi ndi kwathu konkuno. Pa 10 Disembala 2013, pa mwambo wokumbukira a Nelson Mandela pa bwalo la FNB ku Johannesburg, bambo wina anaima pambali pa atsogoleri a mayiko, kuphatikizapo a Barack Obama, akugwedeza manja kwa maola angapo. Anthu akumva mamiliyoni ambiri amene ankaonera sanaone cholakwika. Anthu osamva anazindikira nthawi yomweyo kuti zomwe ankachitazo sizinali chiyankhulo cha manja cha ku South Africa, ndipo phungu wosamva wa nyumba ya malamulo ya dzikolo, a Wilma Newhoudt-Druchen, anali mmodzi mwa oyamba kudandaula poyera. Munthu wosamva mmodzi yekha akanafunsidwa mwambowo usanayambe, manyazi amenewa sakanachitika. Ndiye ngati zoterezi zinatheka pamaso pa makamera a dziko lonse, nanga m'kachipinda ka polisi komwe kulibe kamera?

Nanga kwathu kuno?

Wina afunsa kuti za ku Boston zikutikhudza bwanji. Choyamba ndinene kuti ASL si chiyankhulo cha dziko lonse. Ngakhale America ndi Britain, omwe onse amayankhula Chingerezi, ali ndi ziyankhulo za manja zosiyana kotheratu: ASL inatengera zambiri ku chiyankhulo cha manja cha ku France kudzera mwa mphunzitsi wosamva Laurent Clerc, amene anathandiza kutsegula sukulu ya ku Hartford mu 1817, ndipo ngakhale zilembo zake zimapangidwa ndi dzanja limodzi pomwe za ku Britain zimafuna manja awiri. Malawi ali ndi chiyankhulo chake cha manja, chomwe chakulira m'sukulu monga Maryview ku Chiradzulu, Mua ku Dedza, Mountain View ku Thyolo ndi Embangweni ku Mzimba, komanso pakati pa akuluakulu osamva m'matauni. Choncho sindikunena kuti tiitanitse mabuku a a Cokely n'kuyamba kuphunzitsa zizindikiro za ku America. Kutero kungakhale kubwereza cholakwika chomwe iwo ankalimbana nacho.

Chomwe chikutikhudza ndi mphambano yomwe tafikapo. Dziko lathu linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe limatchula mwachindunji kuti mayiko apereke omasulira odziwa ntchito yawo. Bungwe la anthu osamva la MANAD lakhala likudandaula za kuchepa kwa omasulira, ndipo linagwira ntchito yaikulu yotulutsa dikishonale ya chiyankhulo cha manja cha ku Malawi. Anzathu oyandikana nawo akusuntha: malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anaika chiyankhulo cha manja pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka, mndandanda womwe Chichewa chilinso pomwepo, ndipo South Africa inachipanga kukhala chiyankhulo cha boma cha nambala 12 mu Julayi 2023. Lamulo likangolimba, kufunika kwa omasulira kumakwera msanga kuposa chiwerengero chawo, ndipo pamenepo m'pamene pamabadwira makosi a milungu iwiri ndi ziphaso zopanda kanthu kumbuyo kwake. America inadutsa njira imeneyi zaka makumi asanu zapitazo. Ife tili ndi mwayi woona pomwe iwo anapunthwa tisanafikepo.

Pali kusokoneza kwina komwe ndikufuna tikupewe. Kuphunzitsa aphunzitsi a ana osamva, monga zimachitikira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, ndi ntchito yofunika kwambiri, koma si kuphunzitsa omasulira. Mphunzitsi amakonza phunziro lake, amasankha mawu ake, amabwereza mpaka mwana amve. Womasulira sasankha nkhani, sasankha liwiro, ndipo saloledwa kukometsa kapena kufewetsa zomwe zanenedwa. Woweruza akakalipa, womasulira aonetse ukaliwo. Wosamva akatukwana, womasulira atukwane ndi mawu. Mphunzitsi wabwino amateteza mwana wake, pomwe womasulira wabwino amalola munthu wamkulu kumva zonse n'kudzisankhira yekha chochita. Izi ndi ntchito ziwiri zofuna maphunziro awiri.

Zomwe otsutsa anganene

Chotsutsa choyamba ndi champhamvu: omasulira akufunika lero, ndipo digiri ya zaka zinayi ndi yodula komanso yochedwa. Kodi si bwino kukhala ndi womasulira wodziwa pang'ono kusiyana ndi kukhala opanda aliyense? Pa moni wa pa msika, inde. Namwino, wapolisi ndi wogwira ntchito ku banki aliyense ataphunzira zizindikiro zoyambira, moyo wa anthu osamva ungapepuke kwambiri, ndipo makosi afupiafupi ndi abwino pa zimenezi. Koma m'khothi ndi m'chipinda cha dokotala, womasulira wodziwa theka ndi woopsa kuposa kusowa womasulira. Pakakhala palibe womasulira, aliyense amadziwa kuti uthenga sunafike, ndipo mlandu ungathe kuimitsidwa. Pakakhala wodziwa theka, woweruza amalemba kuti woimbidwa mlandu wamva ndipo wavomera. Cholakwikacho chimabisika pansi pa siginecha.

Chotsutsa chachiwiri ndi chakuti digiri idzatsekera kunja anthu amene akuidziwa kale ntchitoyi: ana a makolo osamva ndi ena amene akhala akumasulira zaka zambiri popanda pepala. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo ndi gawo la chenjezo la a Cokely. Ku America, kuyambira mu 2012 bungwe la omasulira lija linayamba kufuna digiri yoyamba kwa anthu akumva ofuna chiphaso chake, koma linasiya njira ina yoti luso ndi zaka za ntchito ziwerengedwe m'malo mwa digiriyo. Ifenso tingachite chimodzimodzi. Anthu amenewa asaikidwe kumbuyo kwa mzere. Ndiwo ayenera kukhala ophunzira oyamba, ndipo ena mwa iwo aphunzitsi oyamba.

Chachitatu ndimachimva kwa anzanga okonda zamakono: foni ikutha kale kusandutsa mawu kukhala zilembo, ndiye womasulira n'ngwachiyani? Yankho lili m'kalasi. Ana osamva ambiri, pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse malinga ndi kafukufuku wa ku America, amabadwa kwa makolo akumva amene sadziwa chiyankhulo cha manja. Ambiri amafika ku sukulu mochedwa, ndipo Chichewa kapena Chingerezi cholembedwa chimakhala chiyankhulo chawo chachiwiri, chomwe sanachimvepo ndi khutu. Kupatsa munthu wotere chikalata cha khothi pa foni kuli ngati kupatsa agogo a kumudzi chigamulo cha m'Chingerezi n'kunena kuti poti maso ali nawo awerenge. Komanso kukambirana kumapita mbali ziwiri. Foni ingalembe zomwe dokotala wanena, koma ndani auze dokotalayo zomwe manja ndi nkhope ya wodwala zikunena?

Chachinayi ndi cha m'thumba, ndipo kwa ife omaliza maphunziro ndicho chachikulu: ntchitoyi ili ndi malipiro? Sindikunamizani kuti ndi njira ya chuma. Koma taonani kuti malipiro ndi ukatswiri zimakokana. Ntchito ikamaonedwa ngati chifundo, womasulira amapatsidwa botolo la madzi ndi ya basi, ndipo anthu aluso amaithawa. Ikakhala ndi maphunziro odziwika, mayeso ndi kaundula, unduna kapena chipatala chimakhala ndi chifukwa choikira udindowo pa bajeti. Nkhani ya a Cokely ikuonetsanso kuti ntchitoyi siyithera pa kuimirira kutsogolo kwa msonkhano. Muli kufufuza, kulemba mabuku, kuphunzitsa, ndi kukonza malamulo. Chiyankhulo cha manja cha ku Malawi chikufunika anthu ofotokoza galamala yake, kusiyana kwa zizindikiro za ku Embangweni ndi za ku Maryview, ndi momwe miyambi yathu imalowera m'manja. Kwa wophunzira zaziyankhulo amene watopa ndi mitu ya kafukufuku yomwe inalembedwa kale kakhumi, munda ndi umenewu.

Pulogalamu yomwe ndingaikhulupirire

Yunivesite iliyonse ya kuno ikafuna kuphunzitsa omasulira, ine ndingaiyeze ndi mafunso anayi. Kodi amene akuphunzitsa chiyankhulocho ndi anthu osamva, olembedwa ntchito ndi kulipidwa ngati aphunzitsi, osati kuitanidwa tsiku limodzi ngati chionetsero? Ngati malamulo a yunivesite akufuna digiri ya masitazi yomwe anthu osamva ambiri sanapatsidwe mpata woipeza, malamulowo ndiwo asinthe, ndipo yunivesiteyo iyambe kutsegulira ophunzira osamva zitseko zake. Kodi wophunzira akuyamba kumasulira atadziwa kale chiyankhulocho, kapena akuphunzira zonse ziwiri nthawi imodzi? Palibe amene amaphunzitsidwa kumasulira Chifalansa m'chaka chomwe akuphunzira kupereka moni m'Chifalansa. Kodi wophunzira amakhala nthawi yaitali pakati pa anthu osamva, ku mpira wawo, ku maukwati ndi ku maliro awo, kapena amangowaona pa vidiyo? Ndipo pa tsiku la mayeso omaliza, kodi pagulu la oyesa pali munthu wosamva amene ali ndi mphamvu yonena kuti uyu sanakhoze?

Ndiwonjezere kuti anthu osamva nawonso amakhala omasulira. M'mayiko ambiri, munthu wosamva wophunzitsidwa bwino amagwira limodzi ndi womasulira wakumva pamene wothandizidwayo ndi mwana, kapena munthu amene sanapite ku sukulu ndipo amagwiritsa ntchito zizindikiro za pakhomo pawo zokha. Kumidzi kwathu anthu otere alipo ambiri. Pulogalamu yomwe ikuona anthu osamva ngati olandira thandizo basi, osati ngati ogwira nawo ntchito, yayamba kale molakwika.

Kwa inu anzanga amene mukuganiza zolowa ntchitoyi, dongosolo lake ndi lomwe a Cokely eni ake anatsata. Anayamba ndi kuphunzira kwa anthu osamva, digiri n'kubwera pambuyo. Musayambe ndi kufunsa komwe kuli kosi yopereka satifiketi msanga. Yambani ndi kufunsa komwe anthu osamva a m'dera lanu amakumana, mupite ngati mlendo wofuna kuphunzira, ndipo mulole kusekedwa manja anu akamachita chibwibwi. Pa 23 Seputembala chaka chilichonse, dziko lonse limakumbukira ziyankhulo za manja, pa tsiku lomwe bungwe la World Federation of the Deaf linakhazikitsidwa mu 1951. Mabungwe a ophunzira pa kampasi angathe kuitana anthu osamva kudzayankhula pa tsikuli, n'kulemba womasulira wolipidwa mokwanira kuti ife akumvafe timve. Tsiku limenelo ndi ife amene tidzafune womasulira, ndipo tidzadziwa kuwawa kwake ngati atakhala wosadziwa ntchito.